Nkhuku zinayi zimene ndinakana kuti ziphedwe

Ndinazunza nkhuku kwa miyezi isanu ndi umodzi ndikuganiza kuti ndikuzichitira chifundo, ndipo m'miyezi yomweyo ndinazunzanso amuna anga. Ndayamba ndi kuvomera kumeneku kuti inu owerenga musadikire nkhani ya mfiti kapena ya munthu wina amene anandilakwira. Palibe anandilakwira. Dzina langa sinditchula, chifukwa Amalawi a kuno ku Cape Town timadziwana, ndipo alipo kale ena amene amati akamva za mayi wa nkhuku wa ku Kommetjie amagwira pakamwa. Aseke, palibe kanthu. Ine ndikulembera amene angathandizike.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno kutsatira amuna anga, bambo a Tiya, amene amagwira ntchito ya m'gadeni panyumba ya azungu ena ku Kommetjie, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kumene mphepo siipuma. Mwana wathu woyamba, Tiyamike, tinamusiya kumudzi ndi amayi anga kuti aziphunzira. Eni nyumbayo amakhala kunja kwa dziko lino nyengo yonse yozizira, amabwera dzuwa likayamba kutentha. Ife anatipatsa kanyumba ka kuseri, chipinda chimodzi ndi kakhitchini. Ine ndinkakonza m'nyumba mwawo komanso m'nyumba zina ziwiri za mumsewu womwewo. Moyo wathu unali wabwinobwino, wosadandaulitsa.

Chaka chathachi ndinali ndi pakati. Mu Meyi, pakati pali pa miyezi isanu ndi itatu, mwana anasiya kugunda. Ndinadikira tsiku limodzi, ndimvekere mwina wagona. Tsiku lachiwiri tinapita kuchipatala. Adokotala atandiyeza anaitana mnzawo, ndipo ine ndinadziwiratu asanayankhule. Ndinachira ngati mmene mayi aliyense amachirira, ululu wake womwewo, kungoti m'chipindamo simunamveke kulira kwa khanda. Anamwino anandifunsa ngati ndikufuna kumuona. Ndinapukusa mutu n'kuyang'ana kukhoma. Za mapepala ndi zina zonse anayendetsa ndi bambo a Tiya.

Amayi anga anaimba foni n'kundikumbutsa mwambo wakwathu, kuti mwana wobadwa wakufa ndi mtayo, ndipo mtayo salira, ukalira umatsekera njira ena obwera m'mbuyo. Sindinalire. Koma si kuti ndinkamvera amayi ayi. Misozi yakeyo panalibe. M'kati mwanga munangoti zii, ngati nyumba imene anthu asamukamo.

Mwezi wa Juni wonse mvula inkagwa, ine nditakhala pabedi. Mawere anadzaza mkaka, ndinawamanga ndi chitenje mpaka anauma. Chakudya ndinkadya chifukwa chaikidwa patsogolo panga. Nyumba ziwiri zija ndinasiya kupitako, ndipo eni ake anapeza anthu ena. Tiya akaimba foni ndinkangoti ee, ee, mpaka mwanayo amatopa n'kupatsira agogo ake.

Tsiku lina mu Julayi bambo a Tiya anabwera ndi katoni yoboolaboola pamwamba. M'katimo munali anapiye khumi ndi awiri, achikasu, akulira tsiyotsiyo. Anandiuza momveka bwino, ndipo sindinganame kuti sindinamve.

"Izi ndi za nyama, mabuloila. Masabata asanu ndi limodzi zakwana. Zina tigulitsa kwa anzathu a kutchalitchi, zina tidya. Mwina zikutangwanitsaniko pang'ono, mayi a Tiya."

Anali atapempha kale chilolezo kwa abwana pafoni, ndipo abwana anavomera pokhapokha zonse zikhale zitatha iwo asanabwere. Khola anamanga kuseri kwa dzenje la manyowa, ndi waya wolimba mpaka kudenga chifukwa cha anyani amene amatsika m'phiri kudzasaka chakudya m'mayadi.

Sindinganene kuti anapiyewo ndinawakonda. Mawu akuti chikondi ndi aakulu, ndipo ine panthawiyo ndinalibe. Chimene chinachitika n'chakuti anapiye amafuna madzi, amafuna chakudya, amafuna kutentha, ndipo sadikira kuti munthu akhale bwino kaye. Magetsi akathima ndinkathira madzi otentha m'mabotolo, n'kuwakulunga m'masokosi akale, n'kuika pakati pawo. Amaunjikana pamenepo n'kutseka timaso. Ndinayamba kudzuka m'mawa. Ndinayamba kusamba msanga. Bambo a Tiya anaona zimenezi ndipo anasangalala, ankaganiza kuti mankhwala apezeka.

Ife amene tinakulira kumudzi timadziwa nkhuku yachikuda, imene imatha miyezi ikupalasa kuseri kwa nkhokwe isanaoneke ngati ndiwo. Izi ndi zina. Zimakula ukuziona. Umati ukagwira lero, mawa manja amva kale kusintha. Pofika kumapeto kwa Ogasiti zinali zoyera mbee, zonenepa, zifuwa zili tang'a.

Loweruka lina m'mawa bambo a Tiya ananola mpeni. Ine ndinatenthetsa madzi. Anapha zisanu ndi zitatu, ine ndikusosola nthenga, ndikutumbula, osamva chilichonse. Zinatsala zinayi, misoti yokhayokha. Atalowa m'khola kuti agwire yachisanu ndi chinayi, imodzi ya chala chopindika inathawira kwa ine n'kudzakhala pa phazi langa. Inali yofunda komanso yolemera. Pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonzekere.

"Izo zisiyeni. Ndikufuna ziziikira mazira."

Anandiuza kuti za mazira ndi mtundu wina, kuti ngati ndikufuna mazira adzandigulira zofiira zija mwezi ukatha. Ndinati nkhuku ndi nkhuku, thadzi ndi thadzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta mpeni pa udzu n'kukauika m'nyumba. Inu owerenga, pamenepa mpamene ndinalakwira. Zonse zotsatirazi zinayambira pa mawu amenewo.

Ndili ndi mnzanga, a Asiyatu, mayi wachisilamu wa ku Mangochi amene amaluka tsitsi ku Masiphumelele, komboni ya pafupi ndi Kommetjie. Ndi wamkulu kwa ine, ndipo asanabwere kuno anawetapo mabuloila zaka zingapo. Anabwera kudzandiona mu Seputembala, ndipo nditawaonetsa nkhuku zanga sanayang'ane nthenga kapena kunenepa. Ananjuta n'kumayang'ana miyendo.

"Achemwali, izi si zakwathu zija," anatero. "Mnofu wake umathamanga, mafupa ndi mtima zimatsalira m'mbuyo. Anazipanga kuti zifike pampeni zikadali ana. Mukazisunga ndiye kuti mukuzisungira ululu."

Kenako anati ngati ndakakamira ndithu ndichepetse chakudya, ndizipereka kamodzi m'mawa ndi pang'ono masana, ndiziwonjezera masamba, ndipo ndiziika madzi patali kuti zizikakamizika kuyenda. Anati ngakhale nditatero, ndisayembekeze kuti zikalamba.

Ndinayesera masiku atatu. Nkhuku zimenezi sizidziwa kukhuta. Zinkaima pa waya n'kumandilondola ndi maso, zikulira, zikujompha mbale yopanda kanthu. Ine zonse ndikanapirira, koma kumva kanthu kakulira ndi njala ine ndili ndi chakudya m'thumba, zinandikanika. Tsiku lachinayi ndinadzaza mbale mpaka kusefukira, ndipo kuyambira pamenepo sinaumenso.

Yoyamba inafa mu Okutobala. Ndinali kubwera ndi chakudya m'mawa, zonse zikuyesetsa kundithamangira. Imodzi inangokupiza mapiko, kulira kamodzi, n'kugwa chagada miyendo m'mwamba. Pomwe ndimatula mbale inali itatha kale. Bambo a Tiya anaitumbula kuti aone chimene chayipha. M'mimba munali madzi achikasu odzaza kapu, ndipo mtima unali wotupa, wofewa ngati phwetekere wovunda. Sitinadye. Anandipempha kuti zitatu zotsalazo tiphe tsiku lomwelo zikadali ndiwo. Ndinakana. Ndinati imeneyo inali yodwala kale.

Zitatuzo zinapitirira kukula. Sindinaonepo nkhuku zazikulu choncho, anthu odutsa akanati ndi nkhukundembo. Miyendo inayamba kupindikira kunja. Zinkayenda mapazi atatu n'kukhala pansi, kupuma, kenako mapazi ena atatu. Chifukwa chokhalitsa pansi, nthenga za pachifuwa zinasosoka, khungu linafiira, kenako panabuka zilonda. Kunsi kwa mapazi kunatupa n'kuchita nkhanambo zakuda. Kudzisamala ndi mlomo ngati mmene nkhuku imachitira sizinkatha, khosi silinkafika kumbuyo, choncho chitosi chinkamatirira kunthenga. Ine ndinkazisambitsa ndi madzi ofunda a mchere, kuzipukuta, kuzidzoza mafuta pazilondapo, kusintha utuchi kawiri patsiku. Fungo linalowa m'zovala zanga ndi m'tsitsi momwe. Ndinasiya kulimva.

Ndikuuzeni zoona, inu owerenga. Ntchito imeneyi inkandikomera. Nkhuku zikamavutika kwambiri, ine mpamene ndinkakhala ndi chochita chambiri, ndipo ndikakhala ndi chochita sindinkaganiza. Kutchalitchi ndinasiya kupita. Amayi a chigwirizano anabwera kawiri, anandipeza m'khola, ndinawalonjera kudzera pa waya mpaka anatsanzika. Bambo a Tiya ankadya okha. Akayamba nkhani iliyonse, ine yanga inali ya nkhuku.

Tsiku lina mu Novembala anandipeza ndikutsuka mbale ya madzi. Anaima kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti lero mwana uja akanakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinamva. Ndinatembenuka n'kuwauza kuti chakudya cha nkhuku chatsala cha masiku awiri, asaiwale kukagula. Anavala chipewa chawo n'kubwerera ku ntchito. Madzulo ake anabwera ndi thumba la chakudyacho paphewa.

Kumapeto kwa mwezi womwewo eni nyumba anafika. Madamu ndi munthu waulemu, ndipo za mwana anali atamva. Anandikumbatira, anandipatsa juzi imene anandigulira kwawo. Patatha sabata anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti ntchentche zikuchuluka pakhonde pamene amadyera ndi alendo, ndipo mphepo ikatembenuka fungo likulowa mpaka kuchipinda. Anati pangano linali lakuti nkhuku zikhale zitatha. Ndinati ndamva. Sindinachite kanthu. Pambuyo pake mpamene ndinadziwa kuti bambo a Tiya anapita kwa abwana mobisa kukapepesa, kupempha kuti atipirire mpaka Januwale, ndipo abwana anawauza poyera kuti zikapitirira pamenepo tidzafunika kupeza kwina kokhala. Amuna angawo anasenza zimenezi okha, ine osandiuza.

Mazira aja anabwera mu Disembala. Loyamba linali lalikulu modabwitsa, la zikasu ziwiri m'kati. Lachiwiri linali lopanda chigoba, kachikopa kokha. Ena nkhukuzo zinkawaswa zokha pokhalira ndi thupi lolemeralo. Onse pamodzi amene ndinatola athunthu sanakwane khumi. Tambala panalibe, ndipo ndinkadziwa kuti sangaswe anapiye, komabe ena ndinkawasiya pa utuchi kuti mwina imodzi ifungatira. Palibe inafungatira.

Yachiwiri inafa chifukwa cha mazira omwewo. Inakakamiza dzira lalikulu mpaka zam'kati zinatulukira kumbuyo, ndipo zinzake zitaona kufiira zinayamba kujompha. Ine ndinali m'nyumba mwa madamu kusita zovala. Bambo a Tiya anamva phokoso, anaipeza ikukwawa magazi ali ponseponse, ndipo anaidula khosi pomwepo kuti ipume. Nditatuluka ndinapeza akukwirira. Anayesa kundifotokozera. Ine sindinakuwe, sindinatukwane. Ndinayankhula ndi mawu wamba, ngati ndikufunsa za nyengo.

"Kwa inu n'zosavuta. Ngakhale mwana uja munangosaina pepala n'kumusiya komweko."

Fosholo inaima. Kenako anamaliza kukwirira, anapondaponda dothi, anatsuka fosholo n'kukaiika m'malo mwake. Ataweruka analowa m'nyumba, analongedza zovala m'chikwama, n'kunena kuti akakhala kaye kwa msuweni wawo ku Masiphumelele. Ndinawayang'ana akutuluka pageti, ndipo chimene chinali m'mutu mwanga n'chakuti utuchi wanyowa magazi, ufunika kusintha.

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse ngati wantchito wina aliyense. Ankatchetcha kapinga, kuthirira maluwa, kukonza dziwe losambiramo, ine ndikuwaona pawindo. Tikakumana panjira ya kugaraja tinkapatsana moni. Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino kaya inu. Anthu amene tagona mphasa imodzi zaka khumi ndi ziwiri. Khirisimasi ndinadyera ndekha, ndipo Tiya ataimba ndinamuuza kuti bambo ake ali kotanganidwa.

Yachitatu inafa ndi kutentha kumapeto kwa Januwale. Tsiku limenelo mphepo inaima, kuphiri kunkapsa moto, utsi uli tolo mlengalenga. Nkhuku ziwirizo zinatambasula mapiko, milomo ili yasa, zikupuma wefuwefu. Ndinanyowetsa masaka n'kuphimba khola, ndinapempha madzi oundana kwa madamu n'kuika m'mbale. Ina inamwa. Inayo kanyama ka pamutu kanasanduka kobiriwira ngati kakuda. Ndinainyamula kupita nayo pamthunzi, ndipo inafera m'manja mwanga ndisanafike. Ndinaima nayo pamenepo kudikira kuti mwina ndimva kanthu. Sindinamve. Ndinaiika m'thumba la chakudya lopanda kanthu n'kukakumba ndekha.

Inatsala ya chala chopindika ija. Januwale anatha, abwana sananene kanthu, koma moni wawo unafupika. Pofika pakati pa Febuluwale nkhukuyo siinkaimanso. Ndinkainyamula m'mawa kuiika pamthunzi, kuisuntha dzuwa likasuntha, kuifikitsira madzi pamlomo. Kudya kokha siinasiye. Inkadya itagona, mutu uli m'mbale.

A Asiyatu anabwera Lachinayi lina masana. Anali atamva kwa msuweni uja kuti bambo a Tiya akugona pansi pa simenti kwa miyezi iwiri. Sanandifunse za banja. Anapita molunjika pamene panali nkhukuyo, anakwinya manja a diresi, anainyamula n'kuitembenuza. Ine ndinali nditasiya kuitembenuza kwa masiku angapo chifukwa inkalira ndikatero. Pachifuwa pake chilonda chinali chitazama, ndipo m'katimo munali mphutsi zikuyendayenda.

Ndinayang'ana kumbali. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ayi, achemwali, tayang'anani. Yang'anitsitsani. Ichi ndi chifundo chanu chija. Mukuisunga chifukwa cha iyo kapena chifukwa cha inu?"

Ndinayang'ana. Nkhukuyo inali ikunjenjemera, diso lake lili pa ine, mlomo ukutseguka popanda mawu. Kwa nthawi yoyamba ndinaona chimene aliyense ankaona. Sichinali chiweto. Chinali chilonda chamoyo chimene ine ndinkachidyetsa kuti chisathe.

Bambo a Tiya anali kudulira mpanda wa maluwa kutsogolo. Ndinapita n'kuima pambali pawo mpaka anazimitsa makina. Ndinati, bambo a Tiya, bwerani ndi mpeni. Anakautenga m'nyumba. Anachita mwachangu, ndipo ine ndinagwira mapiko. A Asiyatu anasamba m'manja n'kutsanzika, anati ali ndi kasitomala akuwadikira.

Nyama yake sikanadyeka. Tinakumba pafupi ndi mpanda, iwo ndi fosholo, ine nditanyamula thumba limene tinaikamo nkhukuyo. Dothi la kuno ndi mchenga, limabwerera m'dzenje ukamakumba. Ali choweramira, osandiyang'ana, anayamba kuyankhula.

"Sindinangosaina pepala, mayi a Tiya. Ndinamunyamula. Anamwino anandipatsa, ndinakhala naye pampando mpaka anadzamutenga. Anali wamkazi. Tsitsi lambiri, makutu ngati a Tiya. Ndinamuveka kachipewa kaja munaluka. Kumanda tinapita anthu anayi, ine, abusa ndi madoda awiri a kutchalitchi. Kabokosi ndinanyamula pamiyendo m'galimoto. Ndinkadikira kuti mundifunse."

Inu owerenga, miyezi isanu ndi inayi inali itadutsa, ndipo ine mayi wake sindinkadziwa kuti mwana wanga anali wamkazi. Poyezetsa kuchipatala tinkakana kuuzidwa, tinkati tidzaona tsiku lake. Tsiku lake litafika ndinayang'ana kukhoma, ndipo sindinafunsenso. Kachipewa kaja ndinaona kuti m'chikwama mulibe, koma ndinangoti kanatayika. Ndinkadziwa nkhuku iti yamwa madzi ndi iti sinamwe, ndinkadziwa chilonda chilichonse ndi tsiku limene chinayamba, koma sindinkadziwa kuti mwamuna amene ndimagona naye chipinda chimodzi anaika mwana wake m'manda popanda wina womugwira paphewa. Ndipo munthu ameneyo ndi amene ndinamuuza kuti kwa iye n'zosavuta.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwa pansi n'kulira. Sindinalire. Ndinati pepani. Mawuwo anatuluka ouma, aang'ono, ngati ndawaponda phazi mu teksi. Anagwedeza mutu, anaika thumba m'dzenje n'kukwirira.

Lamulungu lotsatira ananditenga kumanda. Tinakwera mateksi awiri. Ndi malo aakulu a mchenga, ndipo mbali ya makanda ili kumapeto, timitumbira tating'onoting'ono tondondozana. Iwo sanasochere ngakhale pang'ono, ankakhota ngati munthu wopita kwawo. Pa kamtumbira kathu panali kamtanda ka matabwa kopakidwa utoto woyera, ndi maluwa obzalidwa m'chitini, a mtundu womwe uli m'gadeni mwa madamu. Anali osafota. Apo mpamene ndinadziwa kumene ankapita Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Ndinagwada, ndinazula kaudzu kamodzi kamene kanamera m'mbali. Mphepo inkatimwaza mchenga kumaso. Tinakhala mwina theka la ola, n'kubwerera.

Khola tinaphwasula sabata yomweyo. Ntchito sinathe, abwana anayambanso kupereka moni wautali. Tiya ndimamuimbira Lachitatu ndi Loweruka, koma amayankha mwachidule, ndipo tsiku lina ndinamumva akuitana agogo ake kuti amayi. Kutchalitchi ndinabwerera, ndimakhala kumbuyo. M'kati mwanga simunabwerere mwakale. Masiku ena ndimamva ngati mwendo umene unachita dzanzi ukuyamba kubwerera, kuwawa kwapatalipatali, kenako ziii. A Asiyatu akuti ndisakakamize, zidzabwera zokha, ndipo anandiperekeza kukakumana ndi amayi ena amene zoterezi zinawachitikirapo. Ndapitako katatu. Ndimangomvetsera.

Bambo a Tiya sanabwerere m'nyumba. Sanandisiye ukwati, ndipo palibe mkazi wina. Ndinawafunsa kamodzi, anati akufuna nthawi, akuti akalowa m'chipindamo mawu aja amawamvanso.

Tsono inu amene mukuganiza zosunga mabuloila ngati nkhuku za pakhomo, ndimvereni ine amene ndinaona ndi maso. Nkhuku ya nyama ikakwana masabata ake, iphani, idyani kapena gulitsani. Si nkhanza. Nkhanza ndi kuisunga mpaka miyendo ithyoke ndi thupi lake lomwe. Ngati mukufuna mazira, gulani za mazira. Ngati mukufuna yoti izikuzungulirani pabwalo zaka ndi zaka, funani yachikuda. Ndipo wodziwa akakuuzani, musamayankhe kuti nkhuku ndi nkhuku.

Koma chachikulu ndi ichi, makamaka kwa inu amayi anzanga amene muli kutali ndi kwanu, kumene kulibe azakhali kapena apongozi oti akhale nanu pamphasa. Tsoka likakugwerani, mudzapeza chinthu chobisalamo. Ena ndi ntchito, ena ndi foni, ena ndi mapemphero osatha, ine zinali nkhuku. Chinthucho chidzaoneka chabwino, ndipo anthu adzaopa kukuletsani. Musanalowemo mutu wonse, tembenukani muone amene ali pambali panu. Mwambo umati mtayo ndi nkhani ya amayi, koma mwanayo anali ndi bambo wake. Mufunseni. Ngakhale mulibe misozi, ngakhale simukumva kanthu, tsegulani pakamwa mufunse kuti kodi inu munaona chiyani, nanga muli bwanji. Funso limeneli silifuna mphamvu zambiri.

Ine ndinachedwa nalo. Masiku ano ndimaphika chakudya cha anthu awiri masana aliwonse. Ndikawaitana amabwera, amasamba m'manja pampopi wa panja, amakhala pa sitepe ya pakhomo n'kudya. Ine ndimakhala m'kati, chitseko chili chotsegula. Akamaliza amati zikomo mayi a Tiya, n'kundipatsira mbale ali panja.